Chipsera cha amuna anga si cha njati

Mwaswera bwanji omvera anzanga? Ndine mayi wa ku Nsefu, ndipo amuna anga ndi sikauti wolondera nyama zakutchire.

Tsiku lina anabwera kuchokera kuntchito atagwira pamchombo. "Ndi madzi a m'dambo amene ndinamwa, amake mwana," anatero. Kenako ululu unatsikira kumanja, thupi linatentha, akadya n'kumangosanza. Ine ndinachita zimene tinazolowera kuno, kuwathowa ndi nsalu yoviika m'madzi otentha. Ululu utaleka mwadzidzidzi ndinadzitama kuti ndawachiritsa, koma kutacha mimba inauma gwa ngati thabwa.

Pa ulendo wopita kuchipatala ku Chipata, munthu wosaopa njovu ankakuwa galimoto ikagwa m'kadzenje kalikonse! Adokotala anatiuza kuti kathumbo kotchedwa apendikisi kanatupa n'kuphulika, mafinya n'kufalikira m'mimba monse. Anati pamene ululu unaleka paja m'pamene kanaphulika.

Anawachita opaleshoni, ndipo lero ali bwinobwino, anabwerera kuntchito. Anzanga, mimba yotere musathowe, thamangirani kuchipatala.

Chondiseketsa n'chakuti akamaonetsa anzawo chipseracho, amati inawagunda njati. Pepani atate a ana anga, lero chigwa chonse cha Luangwa chamva zoona.