Mkono wa Diresi la Mayi Namakhwa

Malemu mayi Bibiana Namakhwa, amene tasonkhana pano kudzawaperekeza, anabadwa pa 12 Malichi 1938 kufupi ndi Magomero, m'boma lathu lino la Chiradzulu. Anali achisamba m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mlongo wawo Lackson, chitsirizira m'banjamo, ndipo lero ndatsala ndekha. Ndisanapite patali ndinene chimodzi. M'mawa uno mwamva makina osokera akulira m'nyumba ya siwa, thupi la malemu lili momwemo, ndipo mwambo wachedwa chifukwa cha zimenezo. Ndaona ena mukukodolana. Musavutike ndi kunong'onezana, chifukwa chake chili m'mbiri yomweyi ndipo ndichinena poyera.

Makolo athu anali ana a anthu amene anabwera kuchokera ku Mozambique, ndipo ankagwira thangata pa esiteti. Malemu anayamba sukulu ku mishoni mu 1947, koma analekezera Sitandade 3, poti bambo athu ankati mwana wamkazi akadziwa kulemba dzina lake zakwana. Masisitere sanalole kuti achoke chimanjamanja, anawatengera m'chipinda chosokera. Kumeneko ndi kumene anaonera koyamba mapepala opyapyala ochokera kunja, amene atelala amati mapatani, oyala pansalu podula chovala. Kutsogolo kwa diresi kumakhala ndi pepala lake, kumbuyo lake, kolala lake, mkono lakenso. Kuyambira pamenepo achemwali anga sanaonenso pepala ngati chinyalala.

Pa 16 Ogasiti 1958 anamanga ukwati woyera ndi bambo Alufeyo Namakhwa, amene ankayendetsa ngolo pa esiteti ina ya fodya ku Namadzi. Diresi la ukwati anasoka okha, potsata patani imene anawapatsa sisitere wina wokalamba. Chimene chinadabwitsa anthu pa diresilo ndi mikono yake. Inali yotukuka paphewa, yothina kuyambira pachigongono, ndipo kumapeto inali ndi kansonga kogona pamwamba pa dzanja. Atelala angapo anayesa kuutengera mkonowo pongouona ndi maso, koma onse unkawakwinyikira kukhwapa.

M'zaka za m'ma 1960, azungu a m'maesiteti atayamba kulongedza, malemu ankayenda wapansi nyumba ndi nyumba. Anzawo ankapempha mipando ndi mapoto, iwo ankapempha mapatani amene adona ankafuna kutaya. Alamu anga a Alufeyo ankaseka n'kumati anakwatira khoswe, chifukwa ndi khoswe yekha amene amakokera mapepala kunyumba. Koma bokosi lachitsulo losungiramo mapepalawo anagula ndi iwo omwewo. Poona kuti mapepala akunjawo sachedwa kung'ambika, malemu ankawajambulanso pa mapepala okhuthala a matumba a simenti. Chonde zimenezi muzisunge m'mutu, tizipezanso kutsogoloku.

Mu 1967 anagula makina opondera n'kukhazikika pakhonde la sitolo ina ku Namadzi. Amene munaphunzira kusoka kwa iwo mukuwadziwa bwino, sindikunamizani kuti anali ofewa. Ukawapatsa chovala sankayang'ana kunja, ankayamba achitembenuza kuti aone msoko. Ukakhota pang'ono ankangokupatsa lezala, ndipo unkadziwa wekha kuti umasule uyambirenso. Mwana wawo woyamba, mayi Phyllis, analira misozi yambiri pakhonde limenelo. Malemu ankati kunja kwa chovala n'kwa anthu, koma mkati ndi mmene muli telala.

Mu 1994 zinthu zinasintha. Amayi analoledwa kuvala mathalauza, kaunjika anasefukira m'misika, ndipo anthu anasiya kusoketsa. Atelala anzawo ena anagulitsa makina, ena anatsala ongobweza ziuno ndi kusintha mazipi. Ife abale tinawauza kuti nthawi ya mapepala awo yatha, ayambe geni ya tomato. Anatiyang'ana ngati tawatukwana. M'malo mothawa kaunjikayo anamulondola komweko. Ankakwera minibasi kupita ku Limbe, n'kumakafukula pansi pa milu kufunafuna madiresi achikale amene atsikana ankawataya pambali akuseka. Akapeza limodzi n'kufika nalo kunyumba ankalimasula msoko ndi msoko, kulisita, kulijambula papepala la simenti, kenako n'kulilumikizanso monga linalili. Bambo Namakhwa atatisiya mu 1996, tinkaganiza kuti tsopano afooka. Anangokhala masiku a chisoni, n'kubwerera pakhonde paja.

Sindinena kuti analemera nazo, ayi. Panali miyezi imene makina ankangokhala ovundikira. Koma pang'onopang'ono kunayamba kubwera aphunzitsi ndi anamwino ochokera ku Boma, ena mpaka ku Blantyre, atanyamula zithunzi zakale za amayi awo, kufuna diresi longa limenelo. Malemu ankangochiyang'ana chithunzicho, kutsekula bokosi lija, n'kutulutsa pepala lake. Tsiku limenelo ankayenda monyada, ndipo ife a geni ya tomato tinkalandira mawu athu.

Mu 2002 anawapeza ndi matenda a shuga, maso anayamba kuchita chidima, ulusi ankachita kuwalowetsera pasingano ndi mayi Phyllis. Mu Novembala chaka chathachi mdzukulu wawo Selestina, mwana wa mayi Phyllis, anachita chinkhoswe, ndipo ukwati unaikidwa pa 2 Epulo chaka chino, Loweruka lotsatira Pasaka. Malemu analonjeza kuti mdzukulu wawoyo adzalowa m'tchalitchi ndi diresi lofanana ndi lawo la 1958. Mu Januwale, makina titawabweretsera kunyumba kuno, anadula kutsogolo ndi kumbuyo. Mikono anaisiya kuti adule pomaliza, poti ndiyo inkafuna maso abwino ndi dzuwa lowala. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Pa 3 Febuluwale anagwa ali pamakina, tinathamangira nawo kuchipatala ku Boma, ndipo Lachiwiri pa 8 Febuluwale 2005 anatsikira kuli chete.

Ali m'chipatalamo anatisiyira mawu awiri, ine ndi mayi Phyllis tili pomwepo. Oyamba anati tidzawaveke diresi lawo la ukwati, limene analisunga zaka zonsezi. Anachita kuseka okha kuti matenda awabwezera thupi la utsikana, tsopano likwana. Achiwiri anati ukwati wa Selestina usasunthe chifukwa cha maliro awo, ndipo diresi lake lidzakhale ndi mkono womwe uja, osati wongopeka.

Dzulo, monga mwa mwambo wathu, tinatulutsa katundu m'nyumba kuti anamalira apeze pokhala. Bokosi lachitsulo linatuluka bwinobwino. Koma mapepala a diresi la ukwati sanali m'bokosimo, anali m'lichero pamwamba pa makina, pamene malemu anawasiya tsiku limene anagwa. Mvula inali itagwa, nkhuni zitanyowa, ndipo amayi ophikira anthu ankavutika kukoleza moto. Wina anaona zidutswa za thumba la simenti m'lichero, n'kuyatsira. Sindimutchula, ndipo wina aliyense asamutchule, chifukwa anabwera kudzatithandiza, ndipo aliyense wa ife akanaona chimodzimodzi. Za kutsogolo ndi kumbuyo sitinadandaule, nsalu inali yodula kale. Koma pepala la mkono linapsa lisanagwire ntchito yake, ndipo lopyapyala la asisitere lija linatha kalekale. Mtima unandiwawa kwambiri. Madzi akatayika saoleka.

Mkono umenewo unatsala malo amodzi okha padziko lino, pa diresi limene tinkayenera kukwirira lero. M'mawa uno akuluakulu a banja tinakhala pansi. Ena anati tiwaveke chovala china, diresilo litsale kuti tidzatengere bwino. Ena anati tiwaveke lomwelo, Selestina adzasokeredwe mkono wina uliwonse, mkono ndi mkono. Mayi Phyllis anakana zonse ziwiri. Anati amayi awo anasiya mawu awiri, ndipo iwo sanabadwe kuti asankhepo amodzi. Anapempha kuti amayi osambitsa thupi adikire pang'ono. Ndinaloleza ndine. Mutu ukakula sulewa nkhonya, choncho amene mwakhumudwa kuti pamaliro pagwiridwa ntchito, mlandu umenewo ubwere kwa ine, osati kwa mwanayu.

Mayi Phyllis anatenga lezala la amayi awo n'kumasula mkono umodzi, misozi ikutsika. Anausita. Pepala loti ajambulepo linasowa, mpaka adzukulu okumba manda anatitumizira thumba la simenti imene akuwakira mandawo. Anaujambula pamenepo, Selestina atagwira m'mbali kuti nsalu isasunthe. Kenako tinabweza makina m'nyumba, mayi Phyllis anakhala pampando wa amayi awo, n'kuulumikizanso mkonowo pamalo pake. Kulira kwa makina kumene munamva n'kumeneko. Malemu agona m'bokosimu atavala diresi lawo lathunthu, ndipo pepala la mkono lili m'bokosi lachitsulo, kiyi ali m'thumba mwangamu.

Ndinenenso kwa abale. Tikadzakhala pansi kugawa za malemu, mapepala aja sadzagawidwa, sadzakulungidwira mandasi, sadzapichiridwa fodya. Adzakhala pamodzi ndi makina, m'manja mwa mayi Phyllis, pakhonde lomwe lija ku Namadzi. Ndipo pa 2 Epulo ukwati ulipo. Nonse amene mwabwera kudzalira, mudzabwerenso mudzaone.

Malemu asiya ana anayi, amuna awiri ndi akazi awiri, zidzukulu khumi ndi zitatu, zidzukulutudzi ziwiri, ndi ine mlongo wawo. M'malo mwa banja ndikuthokoza amfumu potipatsa malo, abambo mfumu ndi amayi a mpingo amene ayimba osatopa, madokotala ndi anamwino amene anayesetsa mbali yawo, ndi atelala anzawo a ku Namadzi amene atseka makina awo lero. Amayi ophika, zikomo, ndipo ndikunena kuchokera pansi pa mtima. Adzukulu, takudikiritsani padzuwa ndipo simunatilipiritse, munatipatsanso pepala. Mulungu akubwezereni.

Achemwali anga a Bibiana, tikukudziwani, kumene mukupitako mukayamba mwautembenuza mkonowo kuti muone msoko. Kautembenuzeni. Wasoka ndi mwana wanu, ndipo lezala simukalifuna. Mzimu wanu uuse mumtendere.