Chilembo Chimene Chinakwapulitsa Mwana Wanga

Omvera anzanga, ine kuwerenga ndinadziphunzitsa ndekha ndi buku la nyimbo la Chinyanja, ndikugwira ntchito ya njanji ku Bulawayo nthawi ya nkhondo yachiwiri ija. M'mabuku athu akalewo chilembo c chinkawerengedwa "ch". Mwana wanga wamkazi atabwera ndi buku la Chindebele, ine katswiri ndinamuphunzitsa kuti "cela" ndi "chela", osadziwa kuti eni ake amachitchula ngati munthu akutsonya.

Mawa lake anabwera manja atatupa. Aphunzitsi anamukwapula, anzake akuseka kuti Mnyasa lilime lake n'lolemera. Anati kusukulu sapitanso.

Ndinamugwira dzanja mpaka m'kalasi, n'kukhala pa benchi ya ana, mawondo ali m'chibwano.

"Aphunzitsi," ndinatero, "wolakwa ndine. Ngati ndodo imawongola lilime, nali dzanja langa. Ngati siiwongola, tiphunzitseni tonse awiri. Sindichoka pano."

Anandiopseza kuti aitana abusa a mishoni. Ndinati abwere, malo pabenchi alipo. Aphunzitsiwo anaika ndodo ija pansi, natisonyeza poika lilime kuseri kwa mano. Mwana anakhoza kachitatu, kalasi yonse ikumva. Ine, bambo wandevu, zinanditengera sabata.

Aphunzitsi amene mukumvetsera, mwana akalakwa yambani mwafunsa kumene wazitenga. Makolonu, musaope chitseko cha kalasi.

Sabata yoyeserera ija itatha, mnansi wanga ku Makokoba, komwe tinkakhala, anandiitana pampanda. "Achimwene, kani ndi sukulu? Kutsonya konse kuja, ife timayesa mwayambana ndi alamu."