Mudzi Umene Ndinakausaka Kutsidya kwa Muloza

Abale ndi alongo, ine ndinali munthu wosakhazikika. Ngakhale pabenchi la m'tchalitchi muno sindinkatha kukhala mpaka pemphero lotsekera.

Ndinabadwira m'nyumba ya kampani pa esiteti ya tiyi. Ku yunivesite ndinasankha maphunziro a mbiri ndi chikhalidwe cha anthu a chigawo chathu chino, Malawi ndi Mozambiki. Kumeneko ndi kumene ndinamvetsa kuti makolo athu Alomwe anathawa ntchito yokakamiza kutsidyako, n'kudzagweranso m'thangata kuno. Mtima unandiwawa koopsa. Ndinkangodzifunsa kuti kodi Mulungu anali kuti? Kupemphera ndinasiya.

Chaka changa chomaliza chino abambo anauzidwa kuti apume pantchito. Nyumba ija tinayenera kutulukamo, koma tinalibe mudzi wopitako. Ndinati ine wophunzirane ndikapeza kwawo kwa agogo aakazi ku Milanje, ku Mozambiki, makolo anga akakhale kumeneko. Aphunzitsi ndinawauza kuti ndikukachita kafukufuku.

Ndinakwera kabaza pa Muloza. Ndinayenda mudzi ndi mudzi ndi Chilomwe changa chothyokathyoka, ana akundiseka. Dzina la agogo panalibe wolidziwa. Mayi wina pondipatsa madzi anafunsa kuti, "Inu a ku Malawi, mwasochera?" Ndinalira panjira ngati mwana. Za sukulu sindinkazifunanso. Pomwepo ndinapemphera kuti, "Ambuye, ngati mulipo, ife tilibe kolowera."

Nditabwerera ndinapeza loko pachitseko cha nyumba yathu. Mnansi wathu anati, "Pita kuseri kwa tchalitchi."

Ndinakupezani inuyo, matope mpaka m'mawondo, mukuumba njerwa. Mayi Namakhwa ali apawa, amene ndinkawadutsa osapereka moni, anali atadula munda wawo wa chinangwa kutipatsa malo. Amayi anga anali pakati panu akuimba nyimbo ya Mulungu m'Chilomwe. Atandiona anati, "Mwafika a yunivesite? Mudzi uja mwaupeza? Vula nsapato, tenga chikombole."

Ndinavula, ndipo misozi inkagwera m'matope momwemo.

Maphunziro ndikumaliza chaka chino. Mafunso ena ndikadali nawo, sindikunamizani, koma mtima unakhala pansi. Ambuye Yesu alemekezeke. Ngati alipo wina muno amene akuyendayenda ngati mmene ndinkachitira ine, abwere kwa Iye lero. Malo alipo. Ife amene tinalibe kwathu, Lachiwiri tikufolera nyumba, ndipo nonse mubwere.