Piritsi Lomaliza la Redson

Redson wa ku Kandeu ali ndi matenda a tulo, moti amatha kusinza chiimire, khasu lili m'manja. Adokotala anamupatsa mapiritsi ogalamutsa, limodzi m'mawa uliwonse, ndipo tsiku la chinkhoswe chake linamupeza ali ndi limodzi lokha, ena akatenga Lolemba. Akuti ameze, anatulukira malume ake, nkhoswe yake, amene anakakumba migodi ku Joni n'kubwerako akudziwa zonse kuposa achipatala. Malumewo phala anali atalikana dala, kusungira malo mbuzi ya kuchikazi.

"Bwera nalo kuno," anatero malume atatambasula dzanja. "Ndikakasinza pamaso pa akuchikazi, manyazi ndi ako."

"Adokotala anati amwe yekhayo amene dzina lake lili pakapepalaka."

"Alembapo dzina la ndani?"

"Redson."

"Nanga ine ndine Janeti? Dzinalo unabadwa nalo m'manja? Ndi langa, ndinachita kukubwereka."

Redson anakanda m'mutu, poti zinali zoona. Anayang'ananso kapepala kaja.

"Alembanso zaka, malume. Makumi awiri ndi zisanu."

"Zaka zimenezo ndinakhala nazo iwe usanabadwe."

"Anatinso amathamangitsa mtima. Inu si muja mumamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi?"

"Mtima uwu unapirira mgodi ukugumuka. Ugonje ndi kanthu kochepa ngati nyemba? Chabwino, tigawane pakati. M'banja mwathu simudyedwa chinthu mobisa."

"Anati osaswa."

"Aa, koma adokotala akowo ndi anzeru ndithu." Malume anatola chipewa chawo. "Ndiye akakuyankhulire iwowo. Akalandirenso nkhuku."

Apa Redson mantha anamugwira. Akapanda kumwa, akasinza pamphasa makolo a bwenzi lake Tisunge akuona, ndipo ndani angapereke mwana wake kwa mkamwini wogona pachinkhoswe chake chomwe? Komanso popanda nkhoswe, chinkhoswecho palibe. Anaika piritsi lija m'dzanja la malume.

"Waona, suja uli ndi nzeru," anatero malume. "Madzi."

"Dikirani. Anati womwa ayambe wamva zonse zalembedwa apa."

"Werenga, mphunzitsi wamkulu. Dzuwa litidikira."

"Mutu umatha kuwawa."

"Unayamba kale kuwawa ndi iweyo."

"M'kamwa mumauma."

"Thobwa aphikira ndani?"

"Munthu akamva kupweteka pachifuwa, athamangire kuchipatala."

"Ndithamanga. Pitiriza."

"Njala imatha."

Dzanja la malume linaima panjira, pakati pa bondo ndi pakamwa.

"Bwereza pamenepo."

"Njala imatha, malume. Ine ndikamwa, nyama ndimangoiyang'ana mpaka madzulo."

"Ngakhale ya mbuzi?"

"Iliyonse."

"Nanga nthutumba ya nkhuku, ija amasungira nkhoswe?"

"Adokotala sanatchule nthutumba payokha. Koma musadandaule, akapatsa nkhoswe ya kuchikazi."

Malume anayang'ana piritsi lija ngati aona nankalizi m'dzanja. Anagwira mkono wa Redson, n'kumufumbatitsa, n'kumupatsira okha kapu ya madzi.

"Meza ndikuona," anatero. "Munthu wamkulu ngati ine, wa kuthamanga kwa magazi, iwe n'kumandipatsa zinthu zolembedwa dzina lako. Mankhwala a munthu wina samwedwa, mwana iwe. Adokotala sanakuuze?"