Matumba a pakhola la a Penieli

A Penieli, wapampando wa khonsolo ya pachilumba chathu kuno ku Tuvalu, anakanitsitsa pamsonkhano zomanga mpanda wotchinga nyanja, ati Mulungu analonjeza Nowa kuti chigumula sichidzabweranso. Kutacha, madzi amchere akutumphuka kale pansi, anapeza matumba a mchenga amene anaunjika mwakabisira kuzungulira khola la nkhumba zawo kulibe, koma alamu awo a Tauala ali phee pachitsa, akupala kokonati.

"Alamu, matumba anga ali kuti?"

"Ndachotsa," anatero a Tauala mosangalala. "Anthu akanawaona akanati a wapampando akukayikira Mulungu."

"Aaa! Anakutumani ndani?"

"Inuyo. Dzulo munati woika mchenga pagombe akutsutsana ndi utawaleza. Ine mpaka misozi."

"Zimene zija zinali za pamsonkhano!"

"Kani lonjezo lija limathera pakhomo pa holo?"

A Penieli anasuzumira m'khola. Nkhumbazo zinali za phwando la ukwati wa mwana wawo Loweruka likubwerali, ndipo madzi anali atazifika kale m'mimba.

"Tamverani, lonjezo lija ndi la anthu. Nkhumba sizipemphera."

"Ayi, abusa anawerenga kuti ndi la zamoyo zonse. Nkhumba si zamoyo?"

"Mukapitiriza kulongolola sizikhalanso zamoyo!"

"Ooo! Ndiye kuti zimene anayeza anyamata aboma aja n'zoona, nyanja ikukwera? Ndikauze anthu." A Tauala anaimirira akusasa m'manja.

"Khalani pansi!" Mkulu wachikhulupiriro uja, amene dzulo lomweli ankamenya tebulo ndi Baibulo, anayamba kunong'ona ngati wakuba. "Musauze munthu. Ingonenani kumene kuli matumbawo."

"Koma simukukayika eti?"

"Sindikukayika! Ndikungothandizirako pang'ono."

"Kuthandizira Mulungu? Ee, koma ndinu akuluakulu, alamu."

Kankhumba kamodzi kanadutsa pakati pawo kakusambira, kamphuno kali m'mwamba.

"Alamu, ndagwira mwendo wanu. Ali kuti?"

A Tauala analoza kumapeto kwa mudzi ndi chopalira chawo.

"Ndatula kwa mayi Selepa, amasiye aja munawanyoza pagulu kuti alibe chikhulupiriro chifukwa chopempha mpanda. Anandimvetsa chisoni. Iwo aja alibe chowateteza, angodalira mchenga basi. Inu muli ndi utawaleza."