Mizere Iwiri Yopingasa

Mwini shopu ya mipando anafuna kuti mitengo ya katundu ilembedwe pakompyuta, uliwonse ndi chizindikiro cha ndalama chimene anachiona m'mashopu akunja, chilembo chokhala ndi mizere iwiri yopingasa. Ntchitoyo anaipereka kwa mlamu wake, munthu wofatsa amene ankachita chinthu ndendende mmene wauzidwira, ndipo anamuchenjeza kuti shopu ikatsegulidwa mapepala asanatuluke, alongedze.

Mlamuyo mtima unali m'mwamba. Ntchitoyi anachita kumupemphera ndi achemwali ake, akazi a mwini shopuyo, ndipo kwina kolowera analibe. Anayang'ana mabatani onse, mpaka kutembenuza kiyibodi kuti aone kunsi.

"Alamu, batani lake palibe."

"Lilipo. Makinawa ndinagula ndi ndalama, angalephere bwanji kudziwa ndalama?"

"Mwina munagula otchipa."

"Iwe, dina mwamphamvu."

"Ndidine liti?"

"Limene lilipolo."

Anadina. Pagalasi la kompyuta panadzaza nyenyezi. Kenako anafotokoza mwaulemu kuti anamvapo kuti chizindikirocho chimatuluka ukadina mabatani atatu nthawi imodzi. Bwanayo anachita ngati wauzidwa kuti alembe antchito atatu pa ntchito ya munthu mmodzi.

"Atatu? Akaperepeseka ugula ndiwe? Lemba chilembocho, mizereyo ujambule ndi ichi." Anamuponyera cholembera chonenepa cholembera pamakatoni, chija inki yake sifufutika.

"Ndijambule pomwe pali chilembopo?"

"Nanga pati?"

Bwana atatembenuka kukapukuta masofa, mlamu anatenga rula, n'kuigoneka pagalasi la kompyuta, n'kujambula mizere iwiri yowongoka bwino, lilime lili panja. Anasindikiza. Pepala linatuluka ndi chilembo chokhachokha.

"Pulintayi ndi yakuba," anatero bwana, akuimenya mbama. "Yadya mizere yanga."

"Sinadye, alamu. Mizere ilipo."

"Ili kuti?"

"Pomwe munanena paja."

Bwana anawerama, n'kuyang'ana galasi. Analavulira pampango n'kuyamba kupukuta. Mizere inangowala. Panja makasitomala anali atayamba kusuzumira pawindo, ndipo mlamu anaona yekha kuti zake zada.

"Tseka zimenezo, unyamule chikwama chako. Kwa achemwali ako ndikafotokoza ndekha."

Mlamu anatseka tsambalo mwachisoni. Kumbuyo kwake kunatulukira chithunzi chimene bwana ankachinyadira kwambiri: iye mwini atavala suti, akumwetulira pasofa yodula. Mizere iwiri ija inadutsa pamphuno pake penipeni.

Mlamu anachiyang'anitsitsa, anayang'ana bwana, kenako anabweza zala pamabatani ngati munthu wosafuna kusiya ntchito panjira.

"Ndisanapite, alamu, inuyo ndikulembeni mtengo wanji? Achemwali amati kasitomala akapezeka, atha kutsitsa."