Kaboti Kodzaza Madzi ku Chilomoni

Pa siteji ya minibasi ku Chilomoni, bambo wina ankamwetulira yekha atagwira kamphira kakuda kong'ambika. Mayi amene anaima pafupi naye analephera kuugwira mtima.

"Achimwene, kamphira komweko n'kosekerera?"

"Mayi, aka kanatsala pang'ono kundimiza mu Shire. Ndili ndi kaboti ka injini kowolotsera anthu ku Chikwawa. Tsiku lina madzi anadzaza m'kati mpaka m'mawondo. Ndinamata phula paliponse, koma ankalowabe."

"Ndiye munatani?"

"Ndinabwera nako kuno pa lole, n'kukakhazika pa matayala. Pansi pake ndinayala manyuzipepala, si achuluka ndi matipatewa? Kenako ndinatsegula mpopi n'kukadzaza madzi."

"Boti kulithira madzi dala? Kumtunda kuno?"

"Maneba anaseka mpaka kugwira nthiti, ati ndikudikira chigumula. Ine ndinati pamene madzi amalowera ndi pomwe atulukire. Posakhalitsa nyuzipepala imodzi inanyowa, chakumbuyo, pansi pa chotsekera bowo lotayira madzi. Mphira yake ndi imeneyi, inali itatheratu."

"Nanga oseka aja anati chiyani?"

"M'mawa mwake mipopi inauma dera lonse. Onse anafola pakhomo panga ndi zidebe, kudzapempha madzi a m'boti."

"Munawapatsa?"

"Ndinawapatsa, madzi samana. Koma aliyense, asanaviike chidebe, ankayamba wanena kuti, 'Mwadzuka bwanji, a Kaputeni?'"